Madzulo a Chilimwe pa Famu ya Pizza ku Wisconsin

[NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO]

WOULUTSA: Amene muli pamoto pitirizani kuvundula, khutu lokha ndilo mutibwereke. Lero tikuchoka pakhomo, tikupita ku America, kukaona alimi ena amene anatopa ndi kusenza zokolola zawo kupita nazo m'tauni. Iwowa anaganiza zoti a m'tauniwo ndiwo azibwera okha kumunda, ndi galimoto zawo, mafuta awo, ndalama zili m'thumba. Nyambo imene anatchera ndi chakudya chija chotchedwa pizza.

Ena mwa inu munailawapo ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Chipata, ena munangoiona pa chikwangwani. Ndiye tiyambe taifotokoza. Pizza ndi buledi wopyapyala, wozungulira ngati lichero laling'ono. Pamwamba pake amapakapo msuzi wa tomato, n'kuwazapo tchizi, kenako n'kuikapo ndiwo zimene wophikayo wafuna: anyezi, bowa, tsabola, soseji, masamba. Zonsezo zimapsera limodzi mu uvuni wotentha kwambiri. Tinene kuti ndi nsima ndi ndiwo zimene zaphikidwa zitakumbatirana kale, moti wakudya sasowa mbale ziwiri.

Kwawo kwenikweni kwa chakudyachi ndi mzinda wa Naples ku Italy, kumene chinali chakudya cha amphawi, chogulitsidwa m'misewu. Anthu a ku Italy atayamba kusamukira ku America anapita nacho, ndipo mu 1905 malo ogulitsira pizza otchedwa Lombardi's anali atatsegulidwa ku New York. Kuchokera pamenepo chinafalikira mpaka kusanduka chakudya cha mwachangu, choitanitsa pa foni, chobwera m'katoni. Nkhani yathu ya lero ndi ya anthu amene anachichotsa m'katonimo n'kuchibwezera kumunda.

Pa mapu a America, yang'anani kumpoto chapakati, kufupi ndi malire a Canada. Pali zigawo ziwiri zoyandikana, Minnesota ndi Wisconsin, ndipo chakummwera kwake malire awo ndi mtsinje waukulu uja wa Mississippi. Pamalo pena mtsinjewu umatambasuka n'kukhala ngati nyanja, yotalika makilomita pafupifupi 35, dzina lake Lake Pepin. Chimene chinachititsa n'chakuti mtsinje wina, wa Chippewa, umathira mchenga wake mu Mississippi, mchengawo n'kukhala ngati wautseka pakhosi, madzi n'kudikha kumtunda. M'mbali mwa nyanjayi muli kamudzi kotchedwa Stockholm. Musasokoneze ndi likulu la dziko la Sweden, ngakhale dzinalo linachokera komweko, poti amene anakakhazikitsa m'zaka za m'ma 1850 anali ochokera ku Sweden. Anthu okhala m'kamudzika sakwana ndi 100 omwe. Pa maliro a kwathu kuno pamasonkhana anthu oposa pamenepo.

Kumtunda kwa kamudzi kameneka, m'mapiri, banja lina la alimi a ndiwo zamasamba linayamba mu 1998 kuphika pizza mu uvuni wa njerwa tsiku limodzi pa sabata, Lachiwiri madzulo. Famu yawo inkatchedwa A to Z Produce and Bakery. Anthu ambiri amaitchula imeneyi kuti ndiyo inatsegula njira. Ena ataona kuti zikuyenda anatsatira: The Stone Barn kufupi ndi Nelson, Suncrest Gardens kufupi ndi Cochrane, Stoney Acres kufupi ndi Athens, onsewa ku Wisconsin, ndiponso Red Barn Farm ku Northfield m'chigawo cha Minnesota. Lero mafamu otere alipo ambiri m'zigawo ziwirizi, ndipo afalikiranso kwina.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

Tisanakwere galimoto, timvane kaye za nyengo, chifukwa ndikanena kuti chilimwe ena muganiza za October, fumbi lili koboo, mitengo itayoyola masamba. Chilimwe cha kumeneko n'chosiyana. Chimagwa mu June, July ndi August, nthawi imene ife kuno tikuothera moto ndi kufunda mabulangete awiri. Ndipo nyengo yawo yotenthayo ndi yomwenso mbewu zimakula, mvula imagwa, dziko lonse lili biriwiri. Kumapeto kwa June dzuwa limalowa cha m'ma 9 koloko usiku. Mwamva bwino, 9 koloko, nthawi imene kumudzi kwathu ana agona kalekale. Usana umatalika kupitirira maola 15.

Koma mtengo wake amalipira m'miyezi yozizira. Kuyambira December mpaka March nthaka imauma gwaa ngati mwala, chipale chofewa chimakwirira minda, ndipo nyanja ija ya Pepin imaundana moti anthu amayenda pamwamba pake n'kumaboola mabowo owedzera nsomba. Munthu amene wakhala miyezi inayi kapena isanu atadzitsekera m'nyumba, kukafunda safuna kumva za denga. Amafuna kukhala panja mpaka mdima. Mukamvetsa njala imeneyi ya dzuwa, mwamvetsa theka la chifukwa chimene mafamu a pizza anamerera kumeneko.

Tsono tiyerekeze kuti ndi Lachiwiri lina mu August. Tanyamuka mumzinda wa Minneapolis chakumasana, ulendo wa ola limodzi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono. Titawoloka kulowa Wisconsin tikutsata msewu nambala 35, umene ukuyenda m'mbali mwa mtsinje, mbali ina madzi, mbali ina matanthwe aatali. Kenako tikusiya tala, tikukwera phiri pa msewu wa miyala, uku ndi uku minda ya chimanga ndi soya. Chizindikiro choti tafika si chikwangwani ayi. Ndi mzere wa magalimoto amene aima m'mbali mwa msewu, ndi fungo la utsi wa nkhuni.

Taonani zimene anthu akutsitsa m'galimoto. Uyu wasenza bulangete. Uyo wanyamula mipando yopinda. Agogo awo akumbatira dengu la mbale, matambula, mafoloko ndi nsalu ya patebulo. Mukudabwa? Pa mafamu ambiri otere, makamaka oyambirira aja, mlimi amakugulitsani pizza basi. Pokhala mudzionere nokha pa kapinga, mbale mubwere nazo, ndipo zinyalala zanu zonse mubwerere nazo kwanu. Galu msiye kunyumba, poti pano pali nkhuku ndi nkhosa. Ine lamulo la zinyalalali limandisangalatsa. Munthu walipira ndalama zake, koma eni malo akumukumbutsa kuti wafika pakhomo pa anthu, sanafike ku lesitilanti.

Pafupi ndi khola lalikulu lofiira pali bolodi lakuda, ngati la ku pulayimale, ndipo alembapo ndi choko mitundu ya pizza ya lero. Mwina isanu, mwina isanu ndi umodzi. Mukasankha mumalipira, amakupatsani nambala, n'kukuuzani kuti mudikire. Pa tsiku la anthu ambiri kudikirako kumatha kukwana ola lathunthu ngakhale kupitirira. M'tauni munthu atadikira choncho angaitanitse bwana wa pamalopo. Kuno palibe akudandaula. Ana athamangira kukasuzumira nkhumba. Bambo wina waima pa mzere wa kabichi, akufunsa mkazi wake kuti chomera ichi n'chiyani. Musamuseke msanga. Ku America anthu amene amalima sakwana awiri pa 100 alionse, ndipo alipo akuluakulu ambiri amene sanaonepo karoti akuzulidwa m'nthaka.

Ife tiyeni tisendere ku uvuni, chifukwa ndi kumene kuli phunziro.

[PHOKOSO LA NKHUNI ZIKUTHETHEKA, LITSIKE]

Amayi amene mumaphika masikono ndi mabanzi mu uvuni wa njerwa kuseri kwa nyumba, ichi simungachione chachilendo. Ndi chiulu cha njerwa, pansi pake posalala, denga lake lozungulira ngati mphika wovundikira, khomo lake laling'ono. Kusiyana kwake ndi uku: inu mumasonkha moto, n'kuupala, kenako n'kulowetsa mabanzi kuti apse ndi kutentha kotsalira. Wophika pizza moto saupala. Amaukankhira kumbali kapena kumbuyo, n'kumaponyamo chikuni chimodzichimodzi kuti lawi lisazime.

Motowo anausonkha masana, maola angapo alendo asanafike, kuti njerwa zimwe kutentha mpaka m'kati. Pali chizindikiro chimene ophika amayang'ana. Moto ukangoyamba, denga la m'kati limada bii ndi mwaye. Kutentha kukakwera, mwaye uja umapsa n'kutha, njerwa n'kuyera mbee. Likayera denga, ndiye kuti uvuni wakonzeka. Pamenepo kutentha kumakhala kutapitirira madigiri 400. Kuti muyerekeze, madzi amawira pa madigiri 100, ndipo uvuni wamagetsi wa m'nyumba nthawi zambiri umalekezera cha pa 250. Nkhuni zake zimakhala za mitengo yolimba, youma bwino, monga oak. Paini samufuna, chifukwa utomoni wake umachita utsi wambiri n'kuipitsa fungo la chakudya.

Taonani mtsikana uyo waima pa tebulo lowazidwa ufa. Watenga mpira wa ufa wokanda, waukulu ngati lalanje. Sakugwiritsa ntchito botolo kapena chopsinjira chilichonse. Akuudinikiza ndi nsonga za zala kuchokera pakati kupita m'mbali, akusiya mlomo wake wonenepa. Kenako wauika pa zibakera zake ziwiri, akuuzunguza, ufawo ukudzikoka wokha ndi kulemera kwake mpaka pakati papyapyala moti kuwala kukuonekera. Wauyala pa thabwa, chipande chimodzi cha msuzi wa tomato, wazunguliza ndi kumsana kwa chipandecho, wawaza tchizi, waika ndiwo. Mnzake wafika ndi chinthu chonga nkhafi ya bwato, yaitali, kumapeto kwake kwaphwatalala. Walowetsa pansi pa pizza, waigwedeza pang'ono kuti aone ngati siinamatirire, ndiye ndi kadzanja kamodzi kofulumira waitsetserekera pa njerwa zamoto.

Tsopano musaphethire. Pansi pakupsa ndi njerwa. Pamwamba pakupsa ndi kutentha kochokera ku denga ndi lawi limene likukwawa m'dengamo. Mlomo uja ukutupa mukuona, matuza akutuluka, ena akuda. Mbali yoyang'ana kumoto ikupsa msanga, ndiye wophika akuitembenuza ndi nkhafi ija, kamodzi, kawiri. Tchizi wasungunuka, akuwira. Yatuluka. Mphindi ziwiri, mwina zitatu. Ku Naples, kumene kuli bungwe loteteza kaphikidwe ka makolo lomwe linakhazikitsidwa mu 1984, lamulo lawo limati pizza ipse m'masekondi 60 mpaka 90. Ndipo mu 2017 bungwe la UNESCO linaika luso la ophika pizza a ku Naples pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa, mndandanda womwewo umene pali Gule Wamkulu ndi Vimbuza.

Mwina wina akufunsa kuti, ngati imapsa m'mphindi ziwiri, ola lathunthu lodikira lija likuchokera kuti? Yankho lake ndi masamu. Uvuni umodzi umalowa pizza ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi, manja okonza ndi ochepa, ndipo pa famu yotchuka pizza zimatha kufika mazana angapo usiku umodzi.

Funso lina limene ndikudziwa kuti lili m'mitu ya ambiri ndi ili: kodi sitingapange ndi mgaiwa kapena ufa woyera? Ayi, ndipo chifukwa chake n'chosangalatsa. Mu ufa wa tirigu muli mapuloteni amene, akakumana ndi madzi n'kukandidwa, amalukana n'kupanga chinthu chotamuka ngati mphira, chotchedwa gluten. Yisiti ikamadya shuga wa mu ufamo imatulutsa mpweya, ndipo mpweyawo umakodwa mu ukonde wa gluten uja, ufa n'kufufuma. Chimanga chilibe gluten. N'chifukwa chake chikondamoyo chimanyenyeka pamene buledi amatamuka. Ophika ambiri amakanda ufa wawo dzulo lake kapena dzana, n'kuusiya pozizira kuti ufufume pang'onopang'ono. Kufufuma kochedwa ndi kumene kumabweretsa kukoma. Wothamanga amapeza buledi wotupa koma wozizira m'kamwa.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

Nambala yathu yaitanidwa. Tanyamula pizza yathu, takhala pa bulangete. Tiyeni tiione bwino tisanaidye, tifunse chilichonse kuti chachokera kuti.

Tomato wa msuziyu wachokera m'mizere iyo tikuionayo. Koma dziwani kuti kumeneko tomato amapsa kumapeto kwa July, August mpaka September basi, chisanu chikangobwera wafa. Ndiye alimiwa amaphika msuzi wambiri nthawi ya zokolola, n'kuusunga m'mabotolo kapena m'mafiriji, kuti udzagwire ntchito chaka chamawa nyengo ya pizza ikamayamba. Pizza ya mu June imakhala ndi msuzi wa tomato wa chaka chatha, pamwamba pake masamba anthete ndi anyezi wamasamba. Ya mu August imakhala ndi tomato wamuwisi, tsabola, mabiringanya, chimanga chachiwisi chokokola pa chitsononkho. Ya kumapeto kwa September imakhala ya maungu ndi mbatata. Bolodi lija amalilemba ndi choko chifukwa wolamula zolembedwapo ndi munda.

Tsamba lonunkhira ili pamwambali ndi basil, m'bale wake wa mpungabwi uja timathamangitsira udzudzu. Soseji yachokera ku nkhumba za pafamu pomwepa, zimene zinadya masamba otsala ndi maungu osagulika, ndipo manyowa ake anabwerera kumunda. Tchizi ndiye nkhani ya Wisconsin yeniyeni. Chigawochi chimadzitcha dziko la mkaka la America, mawuwo analembedwa ngakhale pa manambala a galimoto zawo, ndipo chimapanga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a tchizi yense wa m'dzikomo. Wa pa pizza amatchedwa mozzarella. Mkaka amauthira zouumitsa kuti ugawanike, zolimba padera madzi padera, monga amachitira chambiko. Zolimbazo amaziviika m'madzi otentha n'kumazikoka, kuzipinda, kuzikokanso, mpaka zitasalala. N'chifukwa chake mukanyamula chidutswa cha pizza tchiziyo amatamuka ngati ulimbo. Kuti mupeze kilogalamu imodzi ya tchizi pamafunika malita pafupifupi 10 a mkaka.

Apa ndiyenera kunena chilungamo. Mawu akuti zonse n'zapamunda pomwepa amakoma kuwamva, koma si famu iliyonse imene ingawanene ndi mtima woyera. Mchere sulimidwa. Mafuta a olivi amachokera kutali, poti mtengo wake sungapirire chisanu cha kumeneko. Alimi ochepa amalimadi tirigu wawo n'kugaya okha, koma ambiri ufa amagula, tchizi amatenga kwa opanga a m'dera lawo. Ine sindikuona cholakwa pamenepo, bola anene poyera. Kugula kwa mnansi ndi kusunga ndalama m'mudzi. Amene ndimawakayikira ndi aja anaona kuti pizza ikugulika kuposa kabichi, n'kusiya kulima, kutsala ndi khola lofiira lojambulitsirapo zithunzi ndi mbuzi ziwiri zosangalatsa ana. Wotere ndi mwini lesitilanti wovala chipewa cha mlimi.

Tsono n'chifukwa chiyani mlimi, amene wagwira kale ntchito kuyambira mbandakucha, angafune kuima pa moto wa madigiri 400 mpaka usiku? Si kukonda alendo kokha. Ndi nkhani ya kupulumuka.

Ambiri timaganiza kuti mlimi wa ku America ndi wolemera. Alipo olemera, koma tamvani ziwerengero izi. Mu 1935 dzikolo linali ndi mafamu pafupifupi 6.8 miliyoni. Kalembera wa zaulimi wa mu 2022 anapeza kuti atsala 1.9 miliyoni. Minda siinathe, koma akuluakulu anameza ang'onoang'ono. Famu yapakatikati kumeneko ndi yoposa mahekitala 180, ndipo mlimi wapakatikati ali ndi zaka 58, kusonyeza kuti ana ambiri sakufuna kulowa m'malo mwa makolo awo. Ku Wisconsin, m'chaka cha 2019 chokha, mafamu a ng'ombe zamkaka oposa 800 anatsekedwa. Mtengo wa mkaka ukatsika, mwini ng'ombe 5,000 amapirira chifukwa amapeza pang'ono pa lita iliyonse koma malita ake ndi ochuluka. Mwini ng'ombe 50 amagulitsa ziweto zake n'kukafuna ntchito m'tauni.

Palinso chiwerengero china chochokera ku unduna wa zaulimi wa dzikolo. Pa dola iliyonse imene munthu wa ku America ankawononga pogula chakudya mu 2022, imene inkafika kwa mlimi inali masenti pafupifupi 15. Masenti 85 otsalawo ankapita kwa onyamula, okonza, olongedza, otsatsa malonda, eni masitolo ndi eni malesitilanti. Mlimi wa ku Lizulu kapena ku Jenda, amene anaonapo dengu la tomato likuwolera pamsewu venda akumuuza mtengo wachipongwe, safunika kumutanthauzira zimenezi.

Chimene achita alimi a pizza ndi kulanda ntchito za anthu onse a pakati aja. Wolima ndi iye, wokonza ndi iye, wophika ndi iye, wogulitsa ndi iye. Wonyamula ndi kasitomala mwiniwake, amene wadzibweretsa yekha. Tomato wopindika, wokhala ndi chipsera, amene kumsika palibe angamuyang'ane, mu msuzi amakoma chimodzimodzi ndi wosalala. Tsabola amene wachuluka sabata ino sawola, amalembedwa pa bolodi. Ndipo mlendo akamachoka amagulanso mazira, buledi, botolo la uchi kapena jamu.

Nthaka ya deralo nayonso inathandiza. Kalekale madzi oundana okhuthala anakwirira mbali yaikulu ya kumpoto kwa America, ndipo poyenda anasalaza mapiri n'kusiya zigwa zotambalala zimene lero zimalimidwa ndi mathirakitala aakulu ngati nyumba. Koma chigawo ichi cha kummwera chakumadzulo kwa Wisconsin, chotchedwa Driftless, anachilambalala. Chinatsala ndi mapiri ake, zigwa zopapatiza ndi timitsinje. Makina akuluakulu savutikira malo otere, ndiye mafamu ang'onoang'ono anapeza pobisala. Mapiri omwewo amene amalepheretsa ulimi waukulu ndi amene amakopa maso a munthu wa m'tauni. Onjezerani kuti pafupi pomwepo pali mizinda iwiri yoyandikana, Minneapolis ndi Saint Paul, yomwe pamodzi ndi madera ozungulira ili ndi anthu oposa 3 miliyoni, ambiri a iwo ali ndi galimoto ndi ndalama yapadera yoti adyere kunja. Popanda anthu amenewo, uvuni uja ukanangokhala chiulu.

Komatu musaganize kuti ndi ndalama yotola. Nyengo yake ndi yaifupi, kuyambira May mpaka October, ndipo mafamu ambiri amatsegula tsiku limodzi, awiri kapena atatu pa sabata. Ufa wakandidwa dzulo, ndiwo zadulidwa, antchito aitanidwa, ndiye 4 koloko kumwamba kwada, ziphaliwali zayamba. Zonse zija zalowa m'madzi. Boma nalo silisekerera. Wogulitsa chakudya chophika amayenera kukhala ndi chilolezo, khitchini yovomerezeka ndi a zaumoyo, madzi oyezedwa, zimbudzi zokwanira ndi inshuwalansi, kuopa kuti mwana wa mlendo angalumidwe ndi nkhumba kapena kugwa pa thirakitala. Anansi nawo nthawi zina amadandaula ndi fumbi ndi phokoso la magalimoto pa msewu umene kale munkadutsa ngolo ya udzu yokha. Ndipo m'mawa mwake, alendo ali m'tulo kwawo, ng'ombe zimafuna kukamidwa pa nthawi yake yomweyo.

[NYIMBO YAPANSIPANSI IYAMBE]

Dzuwa tsopano latsamira pa phiri. Nthawi yadutsa 8 koloko koma kukuonekabe. Pa kapinga ponse pali mabulangete, ena atatu pamodzi, mabanja amene sanadziwane masana ano akubwerekana mpeni. Pa mafamu ena pamakhala woimba ndi gitala pakhonde la khola, pa ena palibe, nyimbo ndi nkhululu basi. Mwana wina wabwera akuthamanga, m'manja wafumbata kanthu, akutsegula pang'onopang'ono kuti amayi ake aone: chiphaniphani. M'munda wa udzu kumunsiko zayamba kuthwanima zambirimbiri.

Udzudzu nawo wafika, ndipo kumeneko ulipo wochuluka moti a ku Minnesota amaseka kuti ndiyo mbalame ya chigawo chawo. Mwayi wawo ndi wakuti malungo anathetsedwa m'dzikomo cha m'ma 1951, ndiye kuluma kwake kumathera pa kukanda. Komabe ndi umene umauza anthu kuti nthawi yakwana. Mabulangete akupindidwa, mbale zakuda zikubwerera m'dengu, aliyense wanyamula thumba la zinyalala zake. Nyali za magalimoto zikutsika phiri motsatana.

Ku uvuni moto wasiyidwa kuti uzime wokha, khomo latsekedwa. Njerwa zija zimasunga kutentha usiku wonse, moti m'mawa ophika ena amalowetsamo buledi popanda kuwonjezera chikuni ngakhale chimodzi, ndipo buledi akatuluka kutentha kotsalako kumakwanabe kuphikira nyemba.

Amayi ndi abambo, nthawi yatithera. Amene muli ndi uvuni wa njerwa pakhomo, ndipo munayesapo kuphikamo china choposa masikono ndi mabanzi, tilembereni mutiuze kuti chinatuluka bwanji, ngakhale chitakhala kuti chinapserera. Makalata anu tidzawawerenga pa pulogalamu ya sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino. Tsalani bwino.

[NYIMBO YOTSEKERA IKWERE]